Munthu Amene Anafa M'buku Lachitatu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 1 pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwathu ku Nsaru, pamene ndinayamba kufotokozera anthu nkhani za m'mabuku. Zinali zaka zija sukulu inkatsegulidwa mu Januwale, mvula ili pakati, chimanga chikumasula, masamba a m'munsi a fodya atayamba kukhwima. Bambo anga anali mphunzitsi wa pulaimale komanso mkulu wa mpingo, ndipo monga aphunzitsi ambiri a kumudzi, ankalimanso fodya wa bale.

Zonse zinayamba ndi filimu. Titangotsegulira sukulu, mphunzitsi wathu wa sayansi anakabwereka kanema ndi jenereta kwa mwini wa nyumba ya vidiyo pa msika, natchinga mawindo a kalasi ndi mabulangete. Anyamata ambiri filimuyo anali ataionera kale, koma mwana wamkazi wa mkulu wa mpingo sankalowa m'nyumba ya vidiyo, choncho kwa ine aka kanali koyamba. Inali nkhani ya chombo chachikulu ngati mudzi wathunthu, chonyamula mabanja amene dziko lawo linali litauma, akuyenda pakati pa nyenyezi kufunafuna kwina kokakhala. Chingerezi chake chinali chothamanga, jenereta nayo ikulira panja, moti zambiri tinkangomva ndi maso. Maina a anthuwo anatikanika, ndiye tinawapatsa athu. Woyendetsa chombo anali bambo wosalankhulalankhula, wa mkono umodzi wokha, wamanzere. Ameneyo tinamutcha Chamanzere.

Laibulale ya pasukulu pathu kanali kachipinda kamene kale ankasungiramo makasu, ndipo makiyi ake ankasunga Madamu Chimwaza, amene ankatiphunzitsa Chingerezi. Munali makatoni a mabuku ochokera kunja, ambiri osatikhudza n'komwe, ena ophunzitsa kadzalidwe ka maluwa m'nyengo yozizira ya kwawoko. Pansi pa katoni ina ndinapeza timabuku titatu ta mapepala achikasu, tonunkha chinyezi, ndipo pachikuto cha kalikonse panali chombo chija cha mu filimu. Pamsana pake panali manambala, kuyambira loyamba mpaka lachitatu. Madamu anandiuza kuti mabukuwo ankapitiriza nkhani kuchokera pamene filimu inalekezera. Ndinabwereka loyamba tsiku lomwelo. Bambo sanaletse, chifukwa kwa iwo chilichonse chonola Chingerezi chinali chabwino, ndipo anandibwereka dikishonale yawo.

Masana aliwonse ndikaweruka, tonse tinkasonkhana m'chigafa choyanikamo fodya kusoka masamba ake. Ankakhalapo mayi, mlongo wanga wamng'ono, ndi anansi awiri atatu amene ankatithandiza. Mmodzi mwa iwo anali a Nambewe, mayi wamasiye wa msinkhu wa mayi anga, amene nyumba yawo inali kuseri kwa khola lathu. Kusoka fodya ndi ntchito yogwetsa ulesi. Utomoni wake umadetsa manja n'kumamata, ukangoiwala n'kugwira pakamwa umamva kuwawa mpaka madzulo. Tsiku lina a Nambewe anandiona ndikusuzumira m'buku limene ndinali nditatsegula pambali.

"Kodi m'bukumo muli chiyani chimene chikukuchedwetsa manja chonchi?"

Ndinawauza pang'ono. Anafunsanso, ndinawauzanso. Pofika kumapeto kwa sabata imeneyo chinali chitasanduka chizolowezi. Ndinkawerenga m'mawa ndi pa nthawi yopuma kusukulu, masana n'kumafotokoza m'Chichewa singano ili m'manja. Anthu a m'chigafa ankatsutsana ngati nkhani ya m'mudzi mwathu momwe. Mayi ankafuna kudziwa kumene anthuwo ankapeza mchere. Mnansi wina sankamvetsa kuti munthu akamwalira m'chombomo amamuika kuti, popeza kulibe dothi. A Nambewe okha sankafunsa za chombo. Iwo ankafunsa za Chamanzere, ngati wadya, ngati ali ndi mkazi, ngati mkono wodukawo unkamuwawa kukazizira.

Panalinso mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, dzina lake Fanuwelo, wa m'mudzi woyandikana ndi wathu. Iye filimu ija anali ataionera kambirimbiri moti ankadziwa kulira kwa mfuti iliyonse, koma mabukuwo sankawawerenga, ankati amachedwa kufika pa nkhondo. Nthawi zina ankaima pakhomo pa chigafa, njinga ili m'manja, kumandikonza. Ndikati chombo chinakhota, iye ankati chombo chimenecho sichikhota chotero. Sitinkadana, koma aliyense wa ife ankafuna kuti mwini wa nkhaniyo akhale iye.

Pa mabuku atatuwo, lachitatu ndilo linandigwira mtima. Amene analilemba ankamudziwa Chamanzere ngati m'bale wake. Anafotokoza m'mene ankamangira zingwe za nsapato ndi dzanja limodzi ndi mano, m'mene ankakanira kuthandizidwa, ndiponso m'mene ankalolera ana a m'chombo kukhala pampando wake akuluakulu akachoka. Chakumapeto kwa bukulo moto unabuka mbali ina ya chombo kumene kunali ana. Panali chitseko chachitsulo chimene chikanatsekereza motowo, koma chinkatsekeka cham'kati kokha. Chamanzere anatulutsa ana onse, nabwerera, natseka. Wolembayo sanathamange pamenepo. Anapereka mutu wathunthu ku maliro opanda mtembo, ndi ku mpando uja umene palibe anafuna kukhalapo.

Ndinafotokoza zimenezi Loweruka lina masana, mvula ikugwa padenga la udzu. Nditafika pa chitseko chija, onse anasiya kusoka. Kenako ndinamva a Nambewe akulira chapansipansi, singano itagwera pamiyendo. Tonse tinkadziwa chifukwa chake. Mwana wawo mmodzi yekha wamwamuna, Yohane, anali dalaivala wa lole, ndipo anafa pangozi pa msewu wa Mchinji zaka zingapo m'mbuyomo. Anthu ankati anakhotetsera lole m'ngalande pothawa ana a sukulu. Mayi anandiyang'ana ndi diso londiuza kuti ndilekeze pomwepo, koma a Nambewe anakweza dzanja.

"Musiyeni mwana amalize. Ameneyo wafa imfa ya munthu."

Ndinamaliza. Masiku otsatirawo a Nambewe anayamba kutchula dzina la Yohane, zimene sankachita chimwalirire mwanayo. Ankatiuza m'mene ankakondera chinangwa chootcha, m'mene ankalizira hutala akafika pa mlatho kuti mayi ake adziwe kuti akubwera. Mayi anandiuza mseri kuti nkhani yanga ija inawamasula chinachake pachifuwa. Ndinanyadira kwambiri. Teremu itatha ndinabweza bukulo, Madamu anakhoma laibulale n'kupita kwawo ku tchuthi.

Tchuthi cha Epulo chinatipeza tikusankha fodya. Masamba anali atauma, tsopano tinkawagawa potengera mtundu ndi kutalika kwake, ndipo popeza sukulu zinali zotseka, bambo nawonso ankakhala nafe m'chigafamo. Fanuwelo anali atapita kukacheza kwa amalume ake ku Chitedze. Kumeneko amalumewo anapita naye mu tauni, ndipo kwa anthu ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu anapeza buku la chikuto chomwe chija, la nambala yachinayi. Atabwerako sanapite n'kwawo komwe. Anatsamiritsa njinga pa mzati wa chigafa chathu, napereka moni kwa akuluakulu mwaulemu, kenako anatembenukira kwa ine akumwetulira.

"Esinati, suja unatiuza kuti Chamanzere anafa?"

"Anafa," ndinatero.

Anatsegula tsamba loyamba n'kuyamba kuwerenga, akumasulira yekha. Bukulo linkati patapita mwezi umodzi chichitikireni moto uja, Chamanzere anali ataima pa galasi akumeta ndevu, akuimba mluzu, lumo lili m'dzanja lake lamanja. M'munsi mwa tsamba lomwelo munali mawu akuti motowo unawononga katundu wambiri koma mwamwayi sunaphe munthu.

Ndinaseka, chifukwa ndinkaganiza kuti akupeka. Ndinamulanda bukulo n'kuwerenga ndekha. Mawuwo analipodi. Bambo anatambasula dzanja, ndinawapatsa. Anapukuta zala pa buluku, navala magalasi, nawerenga tsambalo modekha monga ankachongera ntchito za ana awo a sukulu.

"Buku lakolo lili kuti?"

"Lili kusukulu, bambo. Atseka."

"Ili lili m'manja mwangamu likunena kuti munthuyu ali moyo. Ndi losindikizidwa. Anthu ophunzira analiona lisanatuluke. Iwe ukuti anafa. Ndimvere yani?"

Ndinayankha kuti ndinawerenga ndi maso anga, kuti panali mutu wathunthu wa maliro. Mawu anga ankanjenjemera, ndipo ndikudziwa kuti ndinkamveka ngati munthu wogwidwa. A Nambewe anaika pansi masamba amene anali m'manja mwawo, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti unangopeka, mwanawe? Za Yohane wanga unkazidziwa."

Anadzuka, nakutumula chitenje, n'kumapita kwawo. Fanuwelo anasiya kumwetulira. Sindikhulupirira kuti ankadziwa kuti zifika pamenepo, iye ankangofuna kundigonjetsa. Anatenga buku lake ndi njinga yake n'kuchoka mwakachetechete.

Mlandu wanga bambo anaugamula tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Kwa iwo nkhani siinali ya buku ayi. Anati ndinatenga chisoni cha mayi wamasiye n'kuchisandutsa choseweretsa, kuti ndinapha dalaivala wa m'nthano mwadala pofuna kuona misozi, kuti anthu azinditama kuti ndimatha kufotokoza. Ndinawapempha kuti adikire sukulu itsegulidwe. Anati munthu wonena zoona safuna masabata oti akonzekere. M'mawa mwake anandiperekeza kwa a Nambewe, nandiuza kuti ndigwade pakhomo ndinene kuti ndinanama.

Ndinagwada. Pansi panali ponyowa ndi mame, ndipo anthu odutsa ankaona. A Nambewe anakhala pa mphasa osandiyang'ana, bambo ataima kumbuyo kwanga.

"Pepani kuti munalira chifukwa cha ine," ndinatero. "Koma sindinaname."

Bambo sanali munthu womenya ana. Anangoti ndidzuke. Pobwerera kunyumba anandiuza kuti popeza pakamwa panga pakanika, manja anga agwire ntchito. M'chigafa ndisalowemonso, dikishonale ndibweze, buku lililonse kupatula Baibulo ndi makope a kusukulu ndisagwire, ndipo mitengo yonse ya fodya yotsala m'munda ndiizule ndekha.

Amene anazulapo mitengo ya fodya akudziwa. Ikatha kuthyoledwa masamba imatsala chiimire ngati ndodo, mizu yake itagwira dothi louma, ndipo ntchito imeneyi amagwira anthu angapo pamodzi. Ine ndinkalowa m'munda m'mawa ndi khasu, ndekha. Matuza anatuluka tsiku loyamba, lotsatira anaphulika. Koma chimene chinkandiwawa si manja. Ndinkakumba ndikulankhula ndekha, ndikutsutsana ndi bambo mumtima, ndikuwayankha mayankho onse amene sindikanayerekeza kunena pamaso pawo. Chiyambire sindinawanamizepo chinthu chachikulu. Ankandidziwa kuyambira tsiku limene ndinabadwa. Bukulo analiona kamodzi kokha, tsamba limodzi lokha, komabe pakati pa ine ndi pepalalo anasankha pepala.

Nkhani inafalikira. Ana opita kumjigo ankati akandiona m'munda amaitana kuti, "Esinati wopha amoyo." Lamulungu kutchalitchi azimayi ena ankandiyang'ana m'mbali. A Nambewe anasiya kubwera kwathu, ndipo tikakumana panjira ankayankha moni akuyang'ana kwina. Tsiku lina mayi anandibweretsera thobwa kumunda, nakhala pa mzere n'kumaona manja anga.

"Mwana wanga, ungonena kuti unanama, zithe. Bambo ako ukuwadziwa."

"Inunso mukuganiza kuti ndinanama?"

Mayi anati iwo Chingerezi sawerenga, ndiye sangadziwe. Yankho limenelo linandipweteka kuposa la bambo. Masiku ena, dzuwa likafika pamutu, ndinkayamba kudzikayikira ndekha. Ndinkadzifunsa ngati mwina Chingerezi chinandisokoneza, ngati mwina panali tsamba limene ndinadumpha pamene munthuyo anatulukira khomo lina. Kenako ndinkakumbukira mpando wopanda munthu uja, mkwiyo n'kubwerera, khasu n'kulowa pansi mwamphamvu.

Tsiku lotsegulira sukulu ndinafika Madamu Chimwaza asanafike, ndinawadikira pakhomo pa laibulale. Buku lachitatu linali pamene ndinalisiya. Ndinatsegula kumapeto. Chitseko chinalipo, moto unalipo, maliro analipo, ndendende monga ndinafotokozera. Pa nthawi yopuma ndinamupeza Fanuwelo pansi pa mtengo wa mango, ndinamuponyera bukulo pamiyendo osalankhula. Anawerenga masamba amene ndinamuonetsa, kenako anapempha kuti apite nalo kwawo. Ndinaganiza kuti akufuna kukafufuza pothawira.

Anabwera nalo patapita masiku angapo ataliwerenga lonse, nkhope ili gwa.

"Uyu analemba langali ndi chitsiru," anatero. "Ngakhale mu filimu Chamanzere analibe mkono wamanja. Ndinaona tsiku lomwe lija, koma ndinkangofuna kukupambana."

Tinakhala pansi ndi mabuku awiriwo n'kuyamba kuwayerekeza, ndipo tinapeza zambiri kuposa imfayo. Mwana wa kaputeni wa chombo, amene m'buku lachitatu anali mtsikana, m'lachinayi anali mnyamata. Chamanzere wosalankhula uja anali atasanduka munthu wanthabwala, wothamangira akazi. Ana aja amene anawapulumutsa sanatchulidwenso paliponse. Fanuwelo anaumirirabe kuti nkhondo za m'buku lachinayi zinali zokoma kuposa za m'mabuku ena onse, ine ndinamuuza kuti nkhondo yomenya munthu amene anaikidwa kale si nkhondo. Tinakangana mpaka belu linalira, koma tsopano tinkakangana ngati anthu a mbali imodzi amene abedwa ndi wakuba mmodzi.

Tinapita nawo mabukuwo kwa Madamu. Iwo anatembenuza zikuto natilozera m'munsi mwenimweni, pansi pa chithunzi cha chombo, pamene panali timalemba ting'onoting'ono timene tonse awiri sitinatilabadirepo. Maina a olemba anali osiyana.

"Nkhaniyi eni ake ndi amene anapanga filimu," anatero Madamu. "Olembawa amangowalemba ganyu, uyu buku lake, uyo lake. Ndiye mukudziwa za ganyu. Wina amapalira, wina amangokwirira udzu kuti aweruke msanga."

Mpaka tsiku limenelo ndinkaganiza kuti buku limachita kubadwa lathunthu kwinakwake kumene anthu salakwitsa. Kumva kuti munthu wina anapatsidwa nkhani ya mnzake, osavutika n'kutsegula komwe buku limene ankalipitiriza, kunandipsetsa mtima kuposa m'mene ndinapsera m'munda muja. Matuza anga, maso a azimayi kutchalitchi, nkhope ya a Nambewe yoyang'ana kumbali, zonsezo zinachokera kwa munthu waulesi amene anakhala pa tebulo lake kutali uko n'kumuukitsa Chamanzere osadziwa n'komwe kuti anafa.

Fanuwelo anandiperekeza kwathu masana amenewo, ndipo pa ichi ndimamulemekeza mpaka lero. Tinawapeza bambo pakhonde akuchonga makope. Fanuwelo anagwada napereka mabuku onse awiri, nafotokoza yekha. Bambo anawerenga mutu wa moto, anawerenga mutu wa maliro, anabwereranso ku tsamba la lumo, kenako anayang'ana maina aja pachikuto. Anatenga nthawi. Ine ndinali chiimire pa mzati, ndikudikira mawu amodzi okha.

"Uyu wachiwiriyu sanawerenge za mnzake," anatero potsiriza. Anavula magalasi nawapukuta. "Mabuku otere sayenera kuperekedwa kwa ana. Ukawauze a Nambewe."

Anabweza mabukuwo kwa Fanuwelo natenganso cholembera chawo chofiira. Ndinadikirabe. Anachonga kope limodzi, natenga lina. Mawu aja sanabwere tsiku limenelo, ndipo sanabwere tsiku lina lililonse. Patapita masiku ndinapeza dikishonale ija pa mphasa yanga, m'kati mwa chikuto atalembamo dzina langa ndi dzanja lawo. Ndinamvetsa chimene ankatanthauza. Ndinaitenga, ndili nayo mpaka lero, koma ndinali nditagwada pa mame anthu akuona, ndipo dikishonaleyo inabwera palibe woona.

Tsiku lomwe bambo anandituma lija ndinatenga mabukuwo kwa Fanuwelo, ndipo a Nambewe ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akuthothola mtedza. Ndinakhala pansi chapatali n'kuwafotokozera zonse, za olemba awiri, za ganyu, za mkono. Iwo sankatha kuwerenga, komabe anapempha mabukuwo, nawagwira lina dzanja ili lina dzanja ilo, akuyang'ana chombo chofanana pa zikuto zonse ziwiri.

"Ndiye anafa kapena sanafe?"

"M'buku ili anafa. M'buku ilo ali moyo."

Anandibwezera lachinayi poyamba, ngati chinthu chimene safuna kuchigwira nthawi yaitali.

"Woyambayo analipo pamaliro," anatero. "Winayu ndi uja amabwera maliro atatha kalekale n'kumafunsa wamasiye kuti kodi bambo apita kuti. Ameneyo sitimutsutsa, timangodziwa kuti si wa pano."

Anasendeza mulu wa mtedza kuti ndikhale pafupi. Tinayamba kuthothola limodzi. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Ndinakulakwira, mwanawe." Pa anthu onse amene ananditcha wabodza, amene ananena mawu amenewa ndi iwo okha, munthu amene anapwetekedwa kwambiri pa nkhani yonseyi.

Lero ndimaphunzitsa Chingerezi ku sekondale. Chaka chatha mwana wanga wamwamuna anandionetsa pa foni magulu a anthu akuluakulu a m'maiko ena amene amakhalira kutsutsana za mabuku a mtundu umenewu, lotani likugwirizana ndi linzake, lotani linalembedwa mosamala, lotani ndi longotaya. Iye ankaseka, akuti anthu amenewa alibe chochita. Ine sindinaseke. Munthu akawerenga nkhani n'kuilola kulowa mumtima mwake, amakhala wapereka chinthu chake chenicheni, ndipo amene walandira nkhaniyo kuti aipitirize walandira pamodzi ndi anthu amene anailirira. Akhoza kuitengera kumene akufuna, koma ayambe wadziwa amene anafa ndi amene ali moyo. Osatero ndi chipongwe, ngakhale nkhaniyo ikhale ya chombo chimene sichinakhaleko.

China chimene ndinaphunzira n'cha m'kalasi ndi m'nyumba mwanga momwe. Nthawi zambiri mwana amabwera akunena china, pepala likunena china, ndipo ndimamva m'kati mwanga chikoka chomwe chija chimene chinawakoka bambo, chifukwa pepala silinjenjemera mawu ndipo silichita manyazi. Ndikatero ndimadzigwira, ndimamuuza mwanayo kuti tidikire tione. Ndikapeza kuti wolakwa ndine, ndimanena ndi pakamwa, pamalo pomwe ndinamunyozera, anthu omwewo akumva. Bambo anga anali munthu wabwino, anandiphunzitsa zambiri, ndipo tinakhala bwino mpaka tsiku limene tinawaika. Ichi chokha ndinachiphunzira chifukwa iwo sanachichite.